Unapumira Pati, Timba?

M'nyumba ya a Njerwa tsiku linkayamba anthu atagona chagada. Ophunzira kuimba ankandandalikana pa simenti ya chipinda chachikulu, aliyense njerwa ili pamimba, mwini nyumba n'kumayenda pakati pawo ndi kandodo kake, kuyang'ana njerwazo zikukwera ndi kutsika. Ya wina ikangoti duu, kandodo kankagogoda pansi pafupi ndi khutu lake.

"Mpweya pansi, mwana iwe! Ukuusungira m'mphuno ngati ndi fodya?"

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Onse ankangoti a Njerwa, ena poganiza za njerwa za pamimba zija, ena poganiza za mutu wawo. Ntchito yawo inali sewero loimba, lija amati opera, momwe munthu salankhula ayi. Akakwiya amaimba, akafuna kufunsira amaimba, ngakhale abayidwe ndi lupanga amayamba waimba kaye ndiye n'kugwa.

Holo ya masewero m'tauniyo inali imodzi, koma magulu oimba anali awiri, ndipo sankapatsana moni. Udani wawo unabadwira pa chinthu chosaoneka ndi maso. A Njerwa ndi mayi wina wa tsidya la msewu anaphunzira kwa mphunzitsi mmodzi, nkhalamba imene inapeka sewero la mtsikana ndi mnyamata a m'mabanja odana, olekanitsidwa pa chipata cha mzinda. Sewerolo linkathera pa mzere umodzi: "Ndidzakudikira ngakhale dzuwa litazima ndidzabwera." Mawu ake ndi ochepa, koma nkhalambayo inawakoka ngati ulusi, kuwakweza ndi kuwatsitsa, moti panalibe chifuwa chofika kumapeto osapuma. Ndiye inamwalira isananene popumira pake.

A Njerwa anati popumira ndi pambuyo pa "litazima," chifukwa lumbiro lalikulu ndi kudikira ngakhale dzuwa litazima. Mayi uja anati ayi, munthu apume akangoti "ndidzakudikira," kuti mphamvu yonse igwere pa kubwera, poti kudikira ngakhale mwala umadikira. A Njerwa anayankha kuti mayiyo amaimba ngati munthu wothamangira basi. Mayiyo anati a Njerwa amaimba ngati mbuzi yoiwalika pachingwe. Gulu linang'ambika pakati tsiku lomwelo. Anthu a m'tauni anawatcha awa Odikira, awo Obwera. Kwa Odikira mzerewo unkaimbidwa ndi mtsikana yekha, kwa Obwera ndi mnyamata yekha. Holo ankasinthana mwezi ndi mwezi, ndipo ana ankabadwira m'chidanicho monga amabadwira m'chilankhulo.

Timba anali chitsirizira cha a Njerwa, mtsikana wamfupi, wochepa thupi, koma akatsegula pakamwa magalasi a mawindo ankanjenjemera. Nsungwi anali mwana mmodzi yekhayo wa mayi wa tsidya lija, mnyamata wamtali mopanda chifukwa, wamanyazi, wa mawu ofunda ngati dzuwa la m'mawa nyengo yozizira. Anakumana m'chipinda cha pansi pa siteji, mosungira zovala za masewero, momwe chingwe chimodzi chinkalekanitsa malaya a magulu awiriwo. Masana ena Timba akupachika madiresi, uku akung'ung'udza mzere uja, anamva liwu lina likumutsata kuseri kwa mikanjo ya mafumu. Sanathawe. Anaimbabe, liwulo n'kumamulondola ngati mthunzi, mpaka fumbi linamuyetsemulitsa mwini wake, chisoti cha mfumu n'kugubuduka pansi.

"Ndani ameneyo?"

"Mdani wanu," anatero Nsungwi akutuluka chowerama. "Pepani. Mwapumira polakwika, koma kulakwa kokoma chonchi sindinakumvepo."

"Olakwa ndinu. Ndiponso mwavala kangaude m'tsitsi."

Kuyambira pamenepo chipinda chafumbicho chinasanduka dziko lawo. Ankaimba motsitsa, pakati pa malupanga a matabwa ndi mapiko a angelo, ndipo pochita nthabwala ankasinthana mpweya: Timba kupumira pa Obwera, Nsungwi kupumira pa Odikira, kenaka kuseka atagwira pakamwa. Ankaseweretsa moto, koma moto wake unali wotentha bwino.

Chaka chimenecho a Njerwa anapatsa Timba gawo la mtsikana wa pa chipata, koyamba m'moyo wake. Kutatsala masiku ochepa kuti sewero litsegulidwe, gulu lonse linali pa siteji kuyeserera. Timba anafika pa mzere womaliza maso atatseka, mtima uli m'chipinda cha pansi pa mapazi ake. Anati "ndidzakudikira," ndipo thupi lake, osamufunsa, linakoka mpweya.

Kandodo kanaima m'malere. Oimba vayolini analeka mmodzimmodzi, wa lipenga n'kutsala yekha kamphindi asanazindikire kuti zinthu zaipa.

"Bwereza," anatero a Njerwa.

Timba anabwereza, kupumira pa bambo ake bwinobwino.

"Ayi. Bwereza momwe unachitira poyamba."

"Ndinangotsamwa, bambo."

"Wotsamwa amatsokomola. Iwe wapuma ngati munthu wolowa m'nyumba yozolowera, wodziwa pamene pali mpando. Mpweya umenewo si wa m'nyumba mwanga. Wautenga kuti?"

Azakhali a Timba, mlongo wa a Njerwa, amene ankasoka zovala za gululo, anali atagwada kupinda mpendero wa diresi, mapini ali kukamwa. Anawalavulira m'dzanja.

"Achimwene, mpweya ndi wa Mulungu. Ulibe chidindo."

"Inu sokani." A Njerwa sanachotse maso pa mwana wawo. "Mayi uja sangakuphunzitse, angayambe wameza lumo. Ndiye kuti ndi kamnyamata kake katalikatali kaja. Ndanama?"

Timba anayang'ana matabwa a siteji.

A Njerwa sanakalipe, ndipo ndicho chinaopsa aliyense. Anati gawolo samulanda, chifukwa panalibe wina wolikwanitsa. Koma tsiku lotsegulira, anthu onse ali m'holo, bambo akewo adzaweruza chimene adzamve. Timba akadzapumira pa bambo ake, ndiye kuti wasankha kwawo, ndipo za mnyamatayo zathera pomwepo. Akadzapumira pa Obwera, adzavule diresi, awoloke msewu, asadzagogodenso pakhomo lomwe anabadwira.

Nkhani yotere siigona m'nyumba imodzi. Pofika mawa lake wometa tsitsi ankaidziwa, wogulitsa nyuzipepala ankaidziwa, ndipo matikiti a tsiku lotsegulira anatha ngati madzi pamchenga. Tauni yonse inkafuna kudzamva mtsikana akupuma.

Nsungwi anamudikirira pa masitepe otsikira ku chipinda cha zovala.

"Ndiuze chimene waganiza."

"Ndi katundu wanga ameneyu."

"Pumira pa bambo ako, Timba. Ine sindidzakwiya. Mtima wako ndimaudziwa."

"Iwe umaudziwa. Koma ine ndidzakhala nditakukana pamaso pa anthu onse, ndi pakamwa panga pomwe. Ndipo bambo akanena chinthu sabweza."

"Ndiye tiganizire limodzi. Mitu iwiri..."

"Ayi. Ukangoonekera pafupi ndi ine zinthu ziipiraipira. Ndinalakwitsa ndekha, ndikonza ndekha. Usabwerenso kuno."

Anamusiya ataima pomwepo, mutu utagunda denga la masitepe. Timba anali atapeza njira yachitatu, ndipo anaibisa pansi pa mtima ngati mpeni. Sadzapumira pa bambo ake, sadzapumira pa Obwera. Adzaimba mzere wonse ndi mpweya umodzi, chinthu chimene palibe anachichitapo, ndipo palibe adzathe kunena kuti wasankha uku kapena uko.

Ndani sangamusirire mwana ameneyu? M'mawa anzake akaika njerwa imodzi, iye ankaika ziwiri. Ankakwera masitepe a holo chothamanga atatseka pakamwa. Ankamiza nkhope m'beseni la madzi mpaka makutu kulira. Akapeza mpata yekha ankauyesa mzere uja, ndipo tsiku ndi tsiku ankasunthira patsogolo pang'ono: anadutsa "dzuwa," anadutsa "litazima," anafika pa "ndidza." Pamenepo mpweya unkatha. Mawu otsalawo, aja amakwera pamwamba penipeni n'kukhala pomwepo nthawi yaitali, anali ngati tsidya la mtsinje wodzaza. Ankaliona, koma osalifika. Sanauze munthu.

Kutatsala tsiku limodzi, azakhali akumuyeza diresi m'kachipinda kosokera, anamusiya pang'ono kukatenga lumo. Pobwerera anamva mzere uja ukukokedwa wopanda podukira, kenaka phokoso la chinthu chogwa. Anampeza Timba ali pansi pakati pa zidutswa za nsalu, milomo itayera. Anamuwaza madzi, namukhazika pamiyendo pawo ngati khanda.

"Ukufuna kuumeza wonse wathunthu, eti?"

"Musawauze bambo, azakhali. Chonde."

"Nkhalamba inaupeka ija ndinkaisokera malaya ine. Chifuwa chake chinali ngati mgolo, koma sinkaufika. Iwe kachifuwa ka nkhunda aka?"

"Mawa ndiufika. Anthu akadzaza, mphamvu imabwera."

"Mphamvu imabwera, koma mpweya sabwereka kwa owonera, mwana wanga."

Timba anadzuka n'kuyamba kudzikonza tsitsi, ndipo azakhali anaona pa chibwano chake chibwano cha mchimwene wawo. Madzulo ake anatenga chikwama nati akukagula ulusi, ngakhale kabati yawo inali yodzaza ndi ulusi wa mtundu uliwonse. Atabwerako anatsitsa buluku la msilikali pa chingwe n'kuyamba kumasula mpendero wake.

"Msilikali wake uti wakula mwadzidzidzi?" anafunsa a Njerwa podutsa.

"Inu imbitsani, achimwene. Ine ndisoke."

Tsiku lotsegulira holo inadzaza mpaka anthu kuimirira m'makoma. Kwa nthawi yoyamba chigawanikire gulu, Obwera analowa pa sewero la Odikira. Anakhala mbali ya kumanzere onse pamodzi, mayi a Nsungwi patsogolo, chikwama pamiyendo, msana uli njo. Mpando wa pambali pawo unali wopanda munthu, ndipo ankacheukira kukhomo kawirikawiri.

Sewero linayenda ngati loto. Timba anaimba moti ngakhale akumanzere anaiwala kukwinya nkhope. Mabanja a m'sewero anatukwanana moimba, malupanga a matabwa anagundana, mnyamata wa m'sewero anagwidwa n'kutulutsidwa mumzinda. Kenaka nyali zinachepa. Pa siteji panatsala chipata, asilikali ovala zisoti zophimba nkhope ataima mondandalika kumbuyo, ndi Timba yekha patsogolo, kadontho koyera pa malo aakulu. A Njerwa anakweza kandodo.

"Ndidzakudikira..."

Holo yonse inasiya kupuma kuti imve ngati iye apuma. Sanapume. Liwu linawoloka malo a Obwera osaima, ndipo mbali ya kumanja kunamveka kamphepo ka anthu otulutsa mpweya. Mayi a Nsungwi anafinya chikwama. Nkhope ya a Njerwa inamasuka ngati chingwe chodulidwa. Mwana wawo anali kubwerera kwawo.

"...ngakhale dzuwa litazima..."

A Njerwa anatsitsa kandodo pang'ono, kumupatsa mpata monga ankachitira ndi woimba aliyense. Timba sanautenge mpatawo. Anadutsa. Ndipo bambo amene anakhala moyo wake wonse akuyang'ana njerwa pamimba za anthu anaona zonse m'kuphethira kumodzi: mimba yaphwa, mitsempha ya pakhosi yatuluka, zala zikufunafuna chogwira m'malere. Anazindikira chimene mwana wawo akuyesa, anazindikiranso kuti sachikwanitsa, ndi kuti amene anamukankhira pa phompho limenelo ndi iwo.

"...ndidza..."

Liwu linaonda ngati ulusi wa kangaude. Timba anayamba kugwa.

Palibe anganene nthawi yeniyeni imene liwu lachiwiri linalowa. Linayamba pansi kwambiri, mkati mwa liwu la Timba, ngati madzi olowa m'madzi anzake. Linakula pang'onopang'ono, kuunyamula ulusi uja usanaduke. Msilikali wa kumapeto kwa mzere, wamtali kuposa anzake, buluku likulekeza pamwamba pa akakolo ngakhale linamasulidwa mpendero wonse, anasiya mkondo wake n'kuyenda kubwera kutsogolo akuimba. Anaika dzanja pamsana pa Timba. Pansi pa liwu lakelo mtsikana anakoka mpweya, penapake, mosamveka, ndipo anakweranso. Mawu awiriwo anafika pamwamba paja limodzi, n'kukhala pomwepo, kukhala, kukhalabe, mpaka oimba vayolini anatha uta wonse n'kuyang'anana.

Mzere wa nkhalamba unamveka wathunthu koyamba, wopanda chibowo. Lumbiro la kudikira ndi lumbiro la kubwera anali atagwirana manja pa dzuwa lozima lomwe lija.

Chinsalu chitatsika panali zii, kenaka holo inaphulika. Akumanja ndi akumanzere anaimirira osayang'ana kuti mnzawo waimirira. Wometa tsitsi ankalira poyera.

Kuseri kwa chinsalu kunalibe woomba m'manja. Timba anakhala pa bokosi akupumira m'mwamba, Nsungwi ataima pambali pake chisoti chili m'manja. A Njerwa analowera khomo la kumanja. Mayi a Nsungwi analowera la kumanzere, osapempha chilolezo kwa munthu.

"Iwe! Ndakusungira mpando tsiku lonse ngati chitsiru, pamene uli pa siteji ya eni ake, miyendo ili pamtunda ngati chokolera zipatso?"

"Amayi, ndimati..."

"Khala chete. Ndikumva ndikafika kunyumba."

A Njerwa anaima pamaso pa mwana wawo. Gulu lonse linaunjikana m'mbali, poti chiweruzo chinali chisanaperekedwe.

"Unapumira pati, Timba?"

"Sindikudziwa, bambo. Pamene ndimagwa."

"Pa ine kapena pa iwo?"

"Sindinafune kutaya aliyense wa inu. Ndimayesa ndikwanitsa ndekha." Misozi inatsika, kuchotsa utoto wa kumaso. "Ndalephera."

A Njerwa anatembenukira kwa mdani wawo wa zaka zonsezo. Aka kanali koyamba kumulankhula chiyambire mkangano.

"Inu makutu anu ndi akuthwa, ngakhale mumawagwiritsa ntchito molakwika. Mwamva pamene wapumira?"

Mayiyo anapukusa mutu. Anali wouma mtima, koma pa nyimbo sankanama.

"Sindinamve."

"Inenso sindinamve." A Njerwa anayang'ana kandodo kawo kanthawi, ngati akukafunsa nzeru. "Ndinati ndidzaweruza chimene ndidzamve. Munthu saweruza chimene sanamve." Anagwada movutikira, bondo likulira, nagwira chibwano cha Timba. "Usadzachitenso zimenezi, wamva? Ndikanakutola pansi pamaso pa anthu, ine ndikanaimbitsanso ndani?"

Ataimirira anamuyeza Nsungwi ndi maso kuyambira ku akakolo mpaka kumutu, ulendo wautali ndithu.

"Iwe. Unadziwa bwanji polowera?"

"Akatsala pang'ono kutha mpweya amapinda chala chaching'ono cha kumanzere, bambo. Ndimayang'ana chalacho."

"Ine ndamuphunzitsa kuyambira ali wosayenda, chala chimenecho sindinachionepo." Anatsokomola. "Koma unalowa mochedwa. Ukanalowa pa 'dzuwa.'"

"Pa 'dzuwa'?" anadumpha mayi a Nsungwi. "Kuti amukwirire mtsikanayo? Alowe pa 'litazima,' motsitsa, ndiye mtsikana apume, kenaka iyenso apume mtsikana atagwira."

"Mukufuna kundiphunzitsa pa siteji yanga?"

"Wina ayenera kutero. Piyano yanu ili kuti?"

Anapita akukangana, uyu kuloza ndi kandodo, uyo ndi chikwama, nakakhala pa benchi imodzi ya piyano, aliyense kukankha chigongono cha mnzake. Patapita kanthawi a Njerwa anafuula osacheuka.

"Katalikatali! Mawa m'mawa ubwere kunyumba. Mawu ako apamwamba ali ndi mchenga, njerwa ikukudikira."

"Abwera ndi ine," anatero mayi aja. "Ndione amene akufuna kundiwonongera mwana."

Timba ndi Nsungwi anayang'anana. Sanagwirane manja, poti maso anali ambiri. Azakhali anafika, nakoka buluku lija pa bondo.

"Vula, mkamwini. Nsalu ya gulu iyi."

Mawu akuti mkamwini anamveka bwino lomwe mpaka ku piyano, ndipo palibe anawatsutsa.

Timba anali ndi liwu, anali ndi khama, anali ndi mtima woposa msinkhu wake, ndipo zonsezo zinamufikitsa pa "ndidza" basi. Kotsalako kunafuna chifuwa chachiwiri, ndi azakhali olimba mtima kuwoloka msewu. Akuluakulu sananame pamene anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.